Diresi Loyera Pansi pa Bedi

Anthu akamakumbutsana za chimfine chija cha mu 1957, amapukusa mitu n'kumatchula amene anapita nacho. Inenso ndimapukusa nawo mutu, koma ndimafulumira kusintha nkhani, chifukwa pakangokhala munthu mmodzi wa msinkhu wanga wa ku Chonde, sapirira. Amayamba wandiyang'anitsitsa, kenaka n'kufunsa kuti, “Kodi si inu aja anakutulutsani pansi pa bedi?” Ndine ndemwe. Ndipo popeza ena nkhaniyi amaithira mchere wambiri (ati ndinali ndi chikwanje m'manja, bodza lamkunkhuniza), kuli bwino ndiifotokoze ndekha mwini wake.

Chaka chimenecho ndinali nditangotuluka m'chipatala cha mishoni, kumene ndinagona miyezi isanu ndi umodzi ndi chifuwa chachikulu. Jekeseni anandibaya mpaka ndinasowa pokhalira. Ndinalowa m'chipatalamo ndili mayi wodzaza mpando, koma potuluka ndinali ngati nsungwi yokulungidwa nsalu. Kamwana kanga Rute kanali kwa azakhali ake, ndipo anatilangiza kuti kakhale komweko kaye.

Tsiku lotuluka, anamwino anatiitana awirife, ine ndi amuna anga.

“Mayi, mapapo anuwa ali ngati nsalu yakale yosokasoka,” anatero. “Chimfine chikumvekachi chikangokupezani, tidzakuimbirani nyimbo. Musagone nyumba imodzi ndi anthu ochokera kwina. Moni wa m'manja musiye. Kapu ndi mbale zikhale zanuzanu. Mlendo akabwera, chezani naye panja, iye uko, inu uko. Bambo, mwamva?”

“Ndamva,” anayankha amuna anga. “Kutalika kwake mayadi angati?”

Anamwino anaseka, koma bambo a Rute sankaseka. Anali telala, munthu woti chinthu akachiyeza ndiye chayezedwa. Makina awo ankakhala pakhonde la sitolo ina ku Chonde, koma atangomva kuti kumaesiteti anthu akugwa ngati mapesi, mizere yonse ya othyola tiyi ili gone, anawanyamula makinawo pa njinga n'kubwera nawo kunyumba. Ofuna kusoketsa ankasiya nsalu zawo pamtengo wa mango uli kumsewu, n'kufuula zimene akufuna.

Tinakhala bwinobwino milungu itatu. Kenaka kunabwera uthenga wochokera kwathu ku Milonde woti amayi akubwera kudzandiona, pamodzi ndi mng'ono wanga Esinati.

Tsono mundiuze, ndani angauze mayi womubala kuti musabwere? Ine ndinalibe pakamwa poteropo, amuna anga ndiye kaya. Anangotenga tepi yawo yoyezera n'kuyamba kuzungulira bwalo. Ine anandisamutsira m'kanyumba ka kuseri kamene tinkasungiramo makaka a chinangwa, atakazira bwino ndi kukatsegulira kazenera. Chipinda chathu anachitseka. Pabalaza anaikapo bedi lazingwe lobwereka kwa aphunzitsi kuti amayi asagone pansi, poti inali nyengo yozizira ya chiperoni. Iwo eni anati azigona kukhitchini. Pomaliza anakhoma zikhomo ziwiri n'kumangapo chingwe cha khonje chodula bwalo pakati, mayadi anayi kuchokera pakhomo panga. Pachingwepo anaika mtondo wovundikira, poikapo mbale yanga. Belu la njinga analimasula n'kulikhomera pachitseko changa.

“Mukafuna kanthu muziliza,” anatero.

Ndinawayamika kwambiri tsiku limenelo. (Ndikunena izi kuti mudziwe kuti poyamba mutu wanga unali wabwinobwino.)

Alendo anafika Lachiwiri masana. Amayi atangondiona ndili chiimire pakhomo la kanyumba kaja anaponya mtanga pansi.

“Mwanaka! Watha chonchi?” Anayamba kuthamanga manja ali tambalale, mwendo umodzi unali utakwera kale pachingwe.

Amuna anga anagwada poteropo, nkhope atayang'ana kumbali monga achitira mkamwini waulemu. “Esinati, auze amayi kuti chingwecho asadumphe.”

“Amayi, akuti musadumphe.”

“Ndamva, sindine gonthi! Mwana ndinabala ndekha, lero ndizimuonera patali ngati sitima?”

Anakhala pansi akung'ung'udza, tinaombezana m'manja, n'kulira pang'ono aliyense mbali yake. Ndikupukuta misozi m'pamene ndinamuyang'ana bwino Esinati.

Abale, ine mwana ameneyu ndinamusiya ali kamtsikana ka zipere m'mutu, miyendo ngati mitengo ya nandolo. Amene anaima pamaso pangayo anali namwali wamphumphu, masaya ali phwii, khosi la mizeremizere, mano oyera ngati chinangwa chosenda. Akaseka thupi lonse linkaseka nawo. Ndinadziyang'ana mikono yangayi, ndipo ndinaibisa m'nsalu.

Vuto la bwalo lathu ndinaliona mawa lake. Amayi sangayandikire mkamwini wawo, mwambo ukukana. Ine sindingayandikire aliyense, anamwino akukana. Pabwalo lonselo anthu amene ankaloledwa kukhala pafupi anali awiri okha: amuna anga ndi mlamu wawo. Ndipo chilamu mumachidziwa mmene chimakhalira.

“Mkazi wanga wamng'ono, madzi osamba aja bwanji?”

“Aaa, alamu, mundigulire kaye duku!”

Ndiye kuseka. Mawu amenewa ndinali nditawamva kambirimbiri m'midzi, ngakhale ineyo ndinkawanena kwa amuna a achemwali anga. Koma kuwamvera kuseri kwa chingwe, uli ndi phala lopanda mchere m'manja, amamveka mwina.

Tsiku lachitatu Esinati anaphika kalongonda, nyemba zija za kwathu. Anamuwiritsa kuyambira m'mawa, kutaya madzi, kuwiritsanso, monga amachitira amayi. Mbale yanga anaiika pamtondo paja, ndipo kunena zoona anali wokoma. Koma ndili pakati pakudya ndinamva amuna anga ali pakhonde akuti, “Ha! Kalongonda wotere ndinamudya kalekale.”

Kalekale! Ine ndinali nditawaphikira kalongonda zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo sanalankhulepo kanthu koposa “zikomo.” Ndinaimirira n'kuliza belu.

Anabwera akuthamanga, anaima pachingwe. “Chavuta n'chiyani, mayi a Rute?”

“Muli mwala m'kalongondamu.”

“Pepani. Dzino silinathyoke?”

“Ayi. Koma ophikawo azisamala.”

Kuyambira pamenepo belu lija linaona zakuda. Ndikamva kuseka, ngrii! Ndikufuna madzi. Akayambanso, ngrii! Madzi aja ngozizira. Akakhala chete nthawi yaitali ndiye ndinkaliza kawiri, chifukwa chete ameneyo ndi amene ankandiopsa kwambiri. Amuna anga ankabwera nthawi zonse osadandaula, mpaka panapangika kanjira kuchokera pakhonde kufika pachingwe. Amayi okha ndiwo ananena tsiku lina, akupeta mpunga, kuti, “Njinga ya pakhomo pano imayenda kwambiri, koma osachoka.”

Belu litalephera kuthetsa kusekako, ndinayamba kusuntha chingwe. M'mawa uliwonse, anthu ali kumadzi, ndinkazula zikhomo zija n'kuzikhoma phazi limodzi kutsogolo, mtondo n'kuugubuduzira pomwepo. Ndinkaganiza kuti pakatha milungu iwiri ndidzakhala nditafika pakhonde popanda wozindikira. Ndinaiwala kuti ndinakwatiwa ndi telala. Tsiku lachitatu anaima, anayang'ana chingwe, anayang'ana ine, anapita kukatenga tepi. Anayeza, anazula zikhomo n'kuzibwezera pakale, ndipo ulendo uno anazikhoma ndi mwala waukulu mpaka mitu yokha kutsala.

“Nthaka ya kuno imayenda,” anatero, n'kubwerera kumakina.

Zikanathera pomwepo bwenzi lero ndikuyenda mutu uli m'mwamba. Koma Loweruka masana ndinamva zimene sindinayenera kumva. Amayi ndi mkamwini wawo akafuna kukambirana nkhani, ankakhala wina mbali ino ya nkhokwe, wina mbali inayo, osaonana nkhope. Anthu otalikirana choncho sanganong'onezane. Amangofuula motsitsa mawu. Ine ndinamata khutu pakazenera kanga.

“Amalume ake avomera,” amayi ankatero. “Mtsikanayonso wavomera ndi mtima wonse.”

“Ndathokoza, amayi. Nanga mayi a Rute tiwauze liti?”

“Ayi, ayi, asamve kaye. Mwana wanga ndimamudziwa. Akamva panopa, chingwe chanucho sichimugwira. Adzamva zonse zitatha.”

“Chabwino. Ine mbali yanga ndikonza msanga.”

Ndinakhala pansi pamkeka. Kwathu zinkachitika ndithu kuti mkazi akamwalira, abale ankapereka mng'ono wake kwa mwamunayo kuti ana asaleredwe ndi mlendo. Ndiye kuti anthu awa anandiyang'ana, anaona mafupa, n'kugwirizana kuti uyu safika mvula. Sanabwere kudzandiona ine ayi, anabwera kudzaonetsa wolowa m'malo. Ndinaganiza za Rute akuitana Esinati kuti “amayi.” Ndinaganiza za mbale zanga za maluwa, ndi mpando wanga wa kutchalitchi. Ndinalira mpaka kutsokomola, ndipo belu sindinalize.

Munthu wanzeru akanaima pachingwe n'kufunsa kuti, “Kodi avomera chiyani?” Mawu atatu okha. Ine ndinasankha kufufuza.

Lolemba ndinaona umboni woyamba. Amuna anga anatulutsa tepi, Esinati anaima pakhonde manja ali m'mwamba, ndipo anamuyeza m'mapewa, m'chiuno, mpaka kumapazi, akulemba pakapepala pensulo ili kukhutu. Amayi anali poteropo akumwetulira. Madzulo ake ndinaona umboni wachiwiri: nsalu yoyera mbee, yonyezimira, imene sindinaionepo pakhomo pathu. Ankaisoka chitseko atachitseka theka, ndipo ndikatulukira pakhomo langa ankaivundikira ndi chiguduli. Ine pa ukwati wanga ndinavala diresi lobwereka kwa akazi a mlaliki, lothina m'khwapa, loti sindinkatha kukweza mkono. Lero wina akusokeredwa latsopano, ndi mwamuna wanga, pakhomo panga, ine ndikupumabe!

Lachinayi mpata unapezeka. Amuna anga anakwera njinga kupita ku Chonde kukagula ulusi (ankaima panja pa sitolo, mpango uli kukamwa, n'kufuula). Amayi ndi Esinati anasenza zochapa kupita kumtsinje. Ndinadikira mpaka mawu awo atazilala, kenaka ndinakweza mwendo n'kudumpha chingwe chija.

Cholinga changa chinali kungoona. Ndikulumbira. Ndinalowa pabalaza, ndinapeza diresi lija litapachikidwa pamsomali, litakutidwa ndi nsalu yanga yomwe. Ndinalivundukula. Linali ndi manja aatali, khosi la timaluwa tosokedwa pamanja, ndi mabatani ang'onoang'ono kumsana. Ndinawawerenga, analipo khumi ndi awiri. Zaka zonsezo munthu uja ankandisokera madiresi a mabatani atatu.

Sindikudziwa chimene chinandilowa. Ndinangoona ndavula nsalu yanga, diresi lija ndalilowetsa kumutu. Ndinkafuna ndione ngati ndinali nditatheratu. Yankho ndinalipeza msanga: linandilendewera ngati thumba pa chikhomo, mapewa akugwera m'zigongono, ndipo mapini amene anali asanachotsedwe anayamba kundibaya m'nthiti. Ndili mkati molimbana nalo kuti ndilivule, mkono umodzi uli m'mwamba, ndinamva munthu akuyetsemula pabwalo.

Anali amayi. Anabwerera okha, akubuula.

Khomo linali limodzi, zenera laling'ono loti mphaka yekha ndiye angadutse. Ndinatola nsalu yanga n'kudziponya pansi pa bedi la aphunzitsi lija.

Pansi pa bedipo ndinapeza kuti pali kale mwini malo. Nkhuku yathu yakuda inali itasankha pomwepo kufungatira mazira m'chidengu chakutha. Inandiyang'ana, ndinaiyang'ana. Inatsegula mlomo kuti ikuwe, ine n'kuigwira mlomowo ndi dzanja limodzi, linalo kuipanikiza m'khwapa. Pochita zimenezo chigongono changa chinatera m'chidengu muja. Ndinamva phwa, phwa, kenaka kutentha kukuyenderera m'diresi.

Amayi analowa akukoka miyendo. “Mutu wanga ine, mayo,” anatero, n'kudzigwetsa pabedi. Zingwe zinatsika mpaka kundigunda pamsana. Kenaka anayamba: etsi! Etsi! Kutsokomola, kumina, kubuula, zonsezo pamwamba pa mutu wanga penipeni. Milungu yonse ija amuna anga akuwiritsa kapu yanga, akuyeza mayadi, akulandira nsalu pamtengo wa mango, ine ndinadzipereka ndekha kuchimfine, n'kukagona kunsi kwake ngati mphasa.

Ndinati ndidikire agone tulo ndituluke mwakachetechete. Sanagone. Patapita nthawi Esinati anafika ndi zochapa, anawapatsa madzi, n'kukhala m'mphepete mwa bedi. Zidendene zake zinali pafupi ndi mphuno yanga.

“Amayi, thupi latentha kwambiri. Mukadwala chonchi, ukwati wanga utheka?”

“Utheka. Kwatsala milungu itatu. Akwawo kwa Witinesi agula kale mbuzi.”

Witinesi? Ndinatsala pang'ono kuitaya nkhuku ija. Witinesi ndinkamudziwa, mnyamata wa kwathu wamakutu aakulu, amene anali atangoyamba ukalaliki ku esiteti.

“Chikundipweteka n'chakuti achemwali sadzakhalapo,” anatero Esinati. “Ine ndinkafuna adzandimange duku ndi iwowo. Tingowauza, amayi.”

“Iwe, mkulu wako sukumudziwa? Akamva kuti kuli ukwati, adzayenda wapansi mpaka ku Milonde kukalowa m'chigulu cha anthu otsokomola. Ukufuna tivine Loweruka, Lolemba tikumbe manda? Alamu ako anena zoona, adzamve zitatha. Adzakwiya, koma adzakwiya ali moyo.”

Kenaka amayi anati, “Witinesi wakoyo adzakhale ngati mkamwini wangayu, mwanaka. Dzulo ndamuona akutsuka mbale ya mkazi wake ndi madzi owira, kawiri, ngati mbale ya mgonero.”

“Akamaseka ndi ine maso amakhala kukanyumba kuja,” anatero Esinati. “Akuti akamva belu mtima umakhala pansi, poti ndiye kuti achemwali adakali ndi mphamvu.”

Ndinagona pamenepo, tsaya lili padothi, dzira likuuma pamimba, nkhuku ikundipalasa m'nthiti, ndipo ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Ndinaganiza zotuluka. Koma ndituluke ndinene chiyani? Kuti ndimadzafuna singano?

Ndikulingalira choncho ndinamva njinga ikulowa pabwalo. Amuna anga anaitana pachingwe, “Mayi a Rute! Ndakugulirani malalanje.” Zii. Anaitananso. Kenaka ndinamva chitseko cha kanyumba kanga chikutsegulidwa mwamphamvu, ndi mapazi akuthamanga.

“Esinati! Achemwali ako ali kuti?”

“Si ali m'kanyumba mwawo?”

“Mulibe! Kuchimbudzi kulibe, kuseri kulibe!”

Mawu amenewo sindidzawaiwala. Munthu wofatsa uja, amene sindinamumvepo akukweza mawu, ankaitana dzina langa lenileni la paubwana, uku akuthamangira kumunda. Anansi anayamba kusonkhana. Wina anati mwina wakomoka m'tchire. Wina anati akayang'ane pachitsime, poti odwala nthawi yaitali maganizo amawasokonekera. Mayi wina wa kutsidya kwa msewu, amene sachedwa pa zoterezi, anayamba kulira maliro. Amayi pamwamba panga anafuna kudzuka koma analephera, anangoyamba kuitana mizimu ya kwathu m'Chilomwe.

Nthawi iliyonse ndikati ndituluke tsopano, manyazi amene ndikanakumana nawo panja anali atakula kuposa poyamba. Ndiye ndinkadikirabe, iwo n'kumakulirakulira.

Chinandiweruza ndi chifuwa. Fumbi la pansi pa bedi ndi nthenga za nkhuku zinali zitandikwana. Ndinachigwira, ndinachimeza, ndinadziluma mlomo, koma chinaphulika chokha, chifuwa chija cha m'chipatala chomveka ngati mbiya yosweka. Nkhuku inapulumuka n'kutuluka ikukuwa. Amayi anasuzumira pansi pa bedi, anaona chinthu choyera chili ndi maso, ndipo mutu wowawa uja unathera pomwepo.

“Mzukwa! Mayo ine, mwana wanga wafa, wabwera!”

Anadumpha bedi ngati mtsikana. Esinati analowa ndi tsache n'kuyamba kulasa pansi pa bedi, ine ndikufuula, “Ndine, iwe! Ndine!” Anthu onse amene ankandifuna kuchitsime anathamangira pakhomo. Amuna anga anawakankha, anagwada, anandigwira akakolo n'kundikoka.

Ndinatuluka chagada pamaso pa mudzi wonse, nditavala diresi laukwati la mng'ono wanga, mazira ali chikasu kuyambira pachifuwa mpaka m'chiuno, nthenga zili m'tsitsi. Mayi wolira uja anasiyira nyimbo pakati.

Amuna anga anayang'ana amayi akuyetsemula, anayang'ana ine, nkhope yawo inasintha. Anandinyamula ngati mwana n'kuthamanga nane panja, kudumpha chingwe, mpaka pakhomo la kanyumba kanga. (Kameneko kanali koyamba kundigwira chitulukire m'chipatala, ndipo ngakhale m'manyazi onsewo ndinaona kuti n'zabwino.) Atanditsitsa ndi pamene analankhula, akupuma mwawefuwefu.

“Mwakhalamo nthawi yaitali bwanji m'nyumbamo?”

“Chichokereni inu.”

Anagwira kumutu. Kenaka anati, “Vulani mosamala. Muli mapini.”

Esinati anaima pachingwe akuyang'ana diresi lake, misozi ili mbwe. “Achemwali, chifukwa chiyani?”

Ndinayesa kupeza bodza, koma onse anali atathawa. “Ndimayesa akukukwatira ndi alamu akowa,” ndinatero.

Anandiyang'ana, anayang'ana alamu ake amene anali ndi dazi kale pa nthawiyo, ndipo anayamba kuseka akulira, mpaka anakhala pansi. Amayi anafuula ali pakhonde, “Ndinanena ine! Chingwe sichimugwira ameneyu!” Anansi anabalalika msangamsanga, osati chifukwa cha ulemu, koma aliyense ankafuna akhale woyamba kukafotokoza.

Zoseketsa zinathera pamenepo. Patapita masiku atatu ndinadzuka thupi likuwotcha, mafupa ngati andipuntha ndi musi. Tsiku lotsatira ndinkalephera kupuma. Amuna anayi anandinyamula pamachira kupita kuchipatala chomwe chija, amuna anga akuyenda pambali atagwira dzanja langa, poti tsopano panalibenso choyeza. Chimfine chinali chitasanduka chibayo. Za masiku oyambawo ndikukumbukira zochepa. Ndikukumbukira mabedi odzaza mpaka m'makonde, ndi mayi amene anagona pafupi nane, wonenepa bwino, amene anafika akulankhula koma anamutulutsa atamufunditsa kumutu. Ndinamva anamwino akuuza amuna anga pakhomo kuti aitane abale. Pamenepo ndinazindikira kuti chinthu chimene ndinkachiopa chija, choti Rute aleredwe ndi wina, ndinali nditachiitana ndekha ndi manja anga.

Mulungu anandichitira chifundo chimene sindinachigwirire ntchito. Sabata yachiwiri kutentha kunatsika. Anamwino aja atabwera kudzandiona anaima manja ali m'chiuno.

“Bambo, sindinakuuzeni kuti akhale patali ndi alendo?”

“Munandiuza,” anayankha amuna anga. “M'mbali ndinayeza bwinobwino. Pansi ndi pamene sindinaganizepo.”

Amayi anachira m'sabata imodzi. Esinati, amene anawasamala, kugona nawo chipinda chimodzi, kumwera nawo kapu imodzi, sanayetsemuleko ngakhale kamodzi (anthu ena amabadwa ndi zonse). Ukwati unachitika tsiku lake lomwelo, ine ndili gone. Diresi analichapa katatu, koma banga limodzi pamimba linakana, ndiye amuna anga anasokapo duwa lalikulu la nsalu yomweyo. Ndinamva kuti atsikana a ku Milonde analisirira kwambiri duwalo, ndipo chaka chimenecho aliyense wokwatiwa ankafuna lotero. Palibe anabwera kudzandithokoza.

Ndili chigonere choncho ndinali ndi nthawi yambiri yoganiza. Ndinalapa. Ndinauza Mulungu kuti nsanje ndaisiya, kuti kuyambira lero ndikamva kanthu ndizifunsa, kuti mwamuna amene anandipatsa ndi wagolide ndipo sindidzamukayikiranso. Ndinali wofooka kwambiri moti phala ankachita kundimwetsa, ndipo anamwino ankadandaula kuti sindikufuna kudya.

Lamlungu lina amuna anga anabwera kudzandiona. Ankaima panja pa zenera, poti alendo sankaloledwa kulowa. Ndinaona kuti sanaonde monga ndinkayembekezera.

“Amayi ndi Esinati anapita,” ndinatero ndi kamawu kanga kotsalako. “Nanga inu mukudya chiyani?”

“Musadandaule za ine. Mayi a Feliya amanditumizira kambale masana ndi madzulo.”

“Mayi a Feliya ati?”

“Amasiye aja angosamukira kuseri kwa mango. Amaphika bwino nkhwani, simungakhulupirire.”

Ndinadzuka n'kukhala tsonga, koyamba pa milungu itatu, popanda wondigwira.

“Anamwino!” ndinaitana, mawu akumveka mpaka kukhonde. “Phala lija libwere. Mudzaze mbale. Ndipo mundiuze, anthu amatuluka tsiku lanji muno?”